Ma voice note a za ubongo ndi kuiwala, pomwe tafika

7 Juni

Tagwirizana kuti ntchitoyi ikhale ya ma voice note osati kabuku. Kabuku anthu sawerenga, makamaka achemwali athu a kumayadi omwe amadzuka 5 koloko kukasambitsa gogo wa eni ake nkudzagona usiku atatheratu, koma voice note ya mphindi zisanu munthu amamvera uku akusita. Nde tikupanga timagawo tachidule m'Chichewa tofotokoza momwe ubongo umasungira zinthu, momwe umazikumbukirira, ndi chomwe chimaonongeka munthu akayamba matenda oiwalaiwala aja a dementia. Tikulinga anthu omwe akusamala okalamba kuno ku Joni, ku Northcliff, Linden, Randburg uko, komanso abale kumudzi omwe ali ndi agogo oti ayamba kusochera pakhomo pawo pomwe. Zonse zikhale zatuluka pofika pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer pa dziko lonse.

Tilipo ochepa. Ine ndikulemba, achemwali ena a ku Rosettenville omwe anali namwino kumudzi akuona ngati zachipatala zili bwino, mnyamata wa kwaya ndi amene ali ndi laputopu, ndipo owerenga ndi mayi ena a ku Ntcheu a mawu okoma zedi koma ali pa stay-in, amagonera kuntchito komweko, nde amapezeka Loweruka masana ndi Lamulungu basi.

15 Juni

Gawo loyamba lalembedwa. Nambala ya maselo a mu ubongo, 86 biliyoni ija, yapita kumapeto chifukwa achemwali a ku Rosettenville aja anati "achimwene, munthu akusita mabiliyoniwo awatani?" Nde tayamba ndi nkhani ya munthu, Henry Molaison wa ku America. Ankadwala khunyu mpaka ntchito inamukanika, ndipo mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville wa ku Hartford anamuchita opaleshoni nkuchotsa kachigawo ka mkati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri, mulingo wa makutu umu. Mmenemo munali gawo lalikulu la kanthu kotchedwa hippocampus. Kugwa kuja kunachepa ndithu. Koma kuchokera pamenepo mpaka kumwalira kwake mu 2008 bamboyu sankathanso kusunga zatsopano. Mucheze naye bwinobwino, nzeru zili zonse, nthabwala akumva, mutuluke panja kwa kanthawi nkubweranso akulonjerani ngati mlendo. Za ubwana wake, makolo ake, chilankhulo chake, zimenezo zinalipo.

Pomwe pandikoma ine ndi apa. Brenda Milner, katswiri wa za ubongo yemwe ankachokera ku Montreal kudzamuyeza, anamupatsa pensulo kuti azitsata mzere wa nyenyezi yojambulidwa papepala koma dzanja lake akuliona pagalasi pokha. Yesani kunyumba muone, dzanja limangolowera kolakwika. Henry tsiku lililonse ankachita bwino kuposa dzulo lake, koma zoti anayeserapo kale samakumbuka olo pang'ono. Manja anaphunzira mwini wake alibe nkhani.

Ndiye kuti kukumbuka si chinthu chimodzi ayi. Zochitika, monga kunabwera ndani dzulo, tinadya chani, zimadutsira mu hippocampus. Luso la thupi, kupalasa njinga, kuluka, kupeta, limagwiridwa kwina, ndi zigawo za ubongo zotchedwa basal ganglia komanso cerebellum ya chakunkhongo kuno. Mantha nawo ali ndi njira yawo, kachigawo kena ka ubongo kotchedwa amygdala. Ndaikamonso nkhani yomwe Édouard Claparède wa ku Geneva analemba mu 1911. Anali ndi wodwala wamayi yemwe ankamuiwala nthawi zonse, tsiku lina iye anabisa phini m'manja popereka moni nkumubaya. Atabweranso mayiyo sanamuzindikire, zoti anabayidwa osakumbuka, koma dzanja anakana kupereka. Owerenga athu atafika pamenepa anaima kaye, akuti nchifukwa chake gogo wawo amanjenjemera akangoona wa shifiti ya usiku yemwe amakonda kukalipa. Munthu wotere ukamulalatira mawu akowo aiwala pompano, koma kukuopa kumatsala.

29 Juni

Funso lomwe likubwera kwambiri pa gulupu ndi ili: ngati waiwala zoti wadya, bwanji akukumbuka za makedzana? Mnyamata wa kwaya ali ndi agogo ake aamuna ku Dedza omwe anagwirapo ku migodi kuno nthawi ya Wenela, akuti amatchula mayina a anzawo a mukomponi ndi mawu a Fanagalo, chilankhulo cha kumigodi, osaphonya koma nsima ya masana amakana kuti sanapatsidwe, nde apongozi pakhomo amati akuchitira dala kuti awachititse manyazi.

Gawo lachiwiri likuyankha zimenezi. Chinthu chimodzi chomwe mukukumbuka, tinene ukwati wa mchemwali wanu, sichikhala malo amodzi. Zomwe munaona zili chakumbuyo kwa ubongo, nyimbo zili cham'mbali, fungo la mpunga ndi nkhuku kwinanso, hippocampus ndi imene imamanga zidutswazi kuti ndi za tsiku limodzi. Pofotokoza ndatenga transipota, poti aliyense kuno anatumizapo katundu kumudzi. M'thirela katundu wanu amamwazikana, firiji kutsogolo, chigubu cha mafuta pakati pa katundu wa eni ake, chikwama pamwamba penipeni, chomwe chikudziwa kuti zonsezi ndi za munthu mmodzi ndi kope la transipota. Kope likatayika katundu wam'njira wasokonekera basi. Koma firiji yomwe inafika ku Lilongwe zaka zapitazo ili m'nyumba kale, kope silikufunikanso. Zakale zili choncho, pakapita nthawi zigawo za ubongo zosunga zidutswa zija zimalumikizana zokhazokha osadaliranso kwambiri hippocampus, nde iyo ikayamba kuonongeka zatsopano ndi zomwe zimatayika koyamba. Théodule Ribot wa ku France anaziona kale zimenezi nkuzilemba mu 1881.

Tulo tili ndi gawo lalikulu pa kusamutsaku. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaika timawaya mu hippocampus ya makoswe, nkupeza kuti maselo omwe ankagwira ntchito limodzi khoswe akuyendayenda kusaka chakudya ankayakanso limodzi khosweyo atagona. Ubongo umabwereza zomwe wadutsamo. Ndikuganiza za anyamata athu a sekyuriti omwe amachezera pageti nkulowanso kalasi m'mawa, kenako nkumadziona ngati mbuli, pomwe vuto ndi tulo.

6 Julayi

Kujambula koyamba sikunayende. Kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ku Turffontein ndi kamalata, kuzizira kwa Julayi kuno mukukudziwa, tikayatsa hita mayikolofoni ikutola kulira kwake, tikazimitsa owerenga mawu akunjenjemera. Panja matakisi akuliza mabelu osalekeza. Bambo ena a mumpingo omwe amayendetsa Uber anati tiyesere m'galimoto mwawo, mawindo otseka, itaima kuseri. Mawu anatuluka oyera ngati a pa wailesi kkkk. Nde situdiyo yathu tsopano ndi mpando wakumbuyo wa Corolla, bola mwini wake akhale alibe ulendo.

19 Julayi

Gawo lachitatu ndi lovutirapo chifukwa tikulowa mkati mwa maselo. Maselo a ubongo sakhudzana kwenikweni, pakati pamakhala kampata kakang'ono kotchedwa synapse, uthenga umaoloka pamenepo ndi timankhwala. Donald Hebb mu 1949 anaganiza kuti maselo awiri akamagwira ntchito limodzi pafupipafupi kulumikizana kwawo kumalimba, ndipo mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anatulutsa zomwe anapeza ku Oslo mu hippocampus ya akalulu: akagwedeza njira imodzi ndi magetsi kwa timasekondi chabe, njirayo inkakhala yamphamvu kwa maola. Eric Kandel yekha anasankha nkhono ya m'nyanja yotchedwa Aplysia poti maselo ake a mitsempha ndi ochepa, pafupifupi 20,000, ena akuluakulu oti nkuwaona ndi maso. Anapeza kuti kukumbuka kwa kanthawi ndi kulimba chabe kwa malumikizano omwe alipo kale, koma kuti chinthu chikhalitse selo liyenera kupanga mapuloteni atsopano nkumera timalumikizano tina. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2000.

Achemwali akuti mayina achuluka, ine ndikuti asiyeni ena, anthu athu si ana, amafuna adziwe kuti sitikupeka. Tagwirizana kuti mu voice note mutsale Kandel ndi nkhono yake, enawo akhale mu meseji yolemba pansi pake.

Zothandiza zenizeni zili kumapeto kwa gawoli. Hermann Ebbinghaus mu 1885 anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, nkuona kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba kenako kuiwala kumayenda pang'onopang'ono, komanso kuti kubwereza motalikitsa masiku kumaposa kupanikiza zonse usiku umodzi. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke mu 2006 anaonetsa kuti patatha sabata, omwe anatseka pepala nkudzifunsa okha ankakumbuka zambiri kuposa omwe ankangowerenga mobwereza. Amene mukulimbana ndi buku la laisensi kapena kosi ya ukeregiva, yosamala odwala ndi okalamba, tengani zimenezo. Ndipo zomwe mutu ungagwire nthawi imodzi ndi zochepa kwambiri, George Miller mu 1956 ankati pafupifupi 7, Nelson Cowan mu 2001 anati zoona zake ndi 4 basi, ameneyo ndi munthu wabwinobwino. Nde kumuuza gogo kuti dzukani, valani jekete, mumwe mankhwala kenako tipite kwa dokotala, mwamutaya kale pa jekete. Chimodzi, achite, kenako china.

27 Julayi

Tachotsa nkhani ya madalaivala a London, mtima ukuwawa. Eleanor Maguire mu 2000 anaunika ubongo wa madalaivala a matakisi a kumeneko, omwe amaloweza misewu ya mzinda wonse asanapatsidwe chiphaso, nkupeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus yawo ndi yokulirapo, ndipo omwe ayendetsa zaka zambiri inali yokulirapo kwambiri. Nkhani yokoma, ndinkafuna ndiponyemo ndi madalaivala athu a pa marenki a matakisi a Bree ndi Noord, koma wosamala gogo siyikumuthandiza kanthu. Mwina tidzaitulutsa payokha.

9 Ogasiti

Lero holide nde onse tinapezeka, tajambula gawo lomwe kwa ine ndi mutu wa ntchito yonseyi. Anthu ambiri timaganiza kuti kukumbuka ndi kutenga chinthu momwe chinasungidwira. Si choncho. Nthawi iliyonse mukakumbuka ubongo umamanganso nkhaniyo kuchokera ku zidutswa zija, pomwe pasowa umakwanirirapo ndi zomwe zikuoneka zomveka, ndipo mwini wake sumva kuti apa ndaonjezera.

Elizabeth Loftus ndi John Palmer mu 1974 anaonetsa anthu mafilimu a ngozi za galimoto. Ena anawafunsa kuti galimoto zinkathamanga bwanji pomwe zinagundana, ena anawafunsa ndi mawu amphamvu oti pomwe zinaphwanyana. A mawu amphamvuwo anatchula liwiro lokwera, ndipo patatha sabata ochulukirapo mwa iwo anati anaona magalasi osweka, mufilimumo mulibe galasi losweka. Kafunsidwe kokha kanalowa mu zomwe munthu akukumbuka. Kenako mu 2000 Karim Nader ku New York anapeza pa makoswe kuti chinthu chosungidwa kale chikakumbukiridwa chimafewanso kwa kanthawi ndipo chimafunika mapuloteni atsopano kuti chikhazikikenso. Amenewa ndi anthu ndi makoswe abwinobwino, nanga munthu yemwe hippocampus ikutha?

Apa mpomwe owerenga athu anasiya pepala nkuyamba kulankhula zawo, ndipo tazisiya momwemo mu voice note. Gogo wawo anaika kachikwama ka ndalama mu uvuni, eti mu uvuni, nkuiwala kuti anaikamo. Kachikwama kulibe, zoti anakagwira sakukumbuka, m'nyumba muli anthu awiri okha, nde ubongo unamaliza wokha samu: wantchito waba. Anaimbira mwana wake akulira. Sikuti gogoyo amanama, kwa iye zinachitikadi. Kachikwama kanapezeka madzulo poyatsa uvuni, mwayi asanaike nkhuku. Achemwali angapo pa gulupu akuti anachotsedwapo ntchito pa nkhani ngati yomweyi. Malangizo omwe taika ndi oti osatsutsana naye, nenani kuti tiyeni tifunefune limodzi, phunzirani malo omwe amakonda kubisa, ndipo muziwauza ana ake chilichonse chikachitika, pa WhatsApp, tsiku lomwelo, kuti pakhale cholembedwa.

Kumudzi nkhani yomweyi imapha. Agogo adzuka usiku osadziwa komwe ali, atuluka, mwina osavala bwino, apezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake. Anthu awazungulira. Mwabwera bwanji kuno? Munali ndi ndani? Munakwera ndege eti? Si inu munapha mwana uja? Munthu sakukumbuka kanthu, wachita mantha, mafunso onse akumupatsa kale yankho, nde amavomera, penanso nkuonjezera mayina a anzake. Anthu nkumati waulula yekha.

17 Ogasiti

Mkangano. Akuluakulu ena a mumpingo atamvera gawo lija anati anyamata inu mukufuna kunena kuti ufiti kulibe, ndipo tikapitiriza choncho iwo sauza anthu kuti amvere. Tinakhala nawo pansi titaweruka. Ine maganizo anga ndili nawo koma ntchitoyi si ya zimenezo, tikayamba mtsutso umenewo anthu atseka voice note pa mphindi yoyamba ndipo agogo aja sitinawathandize. Tagwirizana chiganizo chimodzi: wokalamba akapezeka akuyenda usiku kapena akulankhula zosadziwika mutu wake, mufunditseni, mupatseni madzi, mupite naye kuchipatala, osamufunsa mafunso pagulu. Taonjezeranso kuti lamulo la ku Malawi la za ufiti la 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Bambowo anati zimenezo alibe nazo vuto. Sanakhutire kwenikweni, ndinawaona, koma avomera kuitumiza ku magulupu a kwawo ndipo iwo ali ndi magulupu ambiri kuposa tonsefe.

31 Ogasiti

Gawo la matenda enieniwo latha. Alois Alzheimer anafotokoza mu 1906 za mayi wina, Auguste Deter, yemwe anagonekedwa ku Frankfurt mu 1901 ali ndi zaka 51 zokha. Atamwalira anaunika ubongo wake nkupeza timibulu pakati pa maselo ndi timaulusi topiringizana mkati mwa maselo, zomwe lero timazidziwa kuti ndi mapuloteni a amyloid ndi tau. Kuonongekaku kumakonda kuyambira pakhomo penipeni pa hippocampus, nchifukwa chake chizindikiro choyamba chimakhala kufunsa funso lomwelo mobwerezabwereza. WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse, imati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia pa dziko lonse, ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndipo Alzheimer ndi imene imayambitsa pakati pa 60 ndi 70 mwa 100 alionse. Nde zoti ndi matenda a azungu a kumayadi tisiye, kwathu aliko, dzina lokha ndi lomwe sitinkawapatsa.

Theka lachiwiri analemba ndi achemwali ndipo ndi labwino kuposa langa. Akuti si kuiwala kulikonse komwe kuli dementia. Wokalamba yemwe dzana anali bwinobwino lero wasokonezeka mwadzidzidzi, ameneyo thamangani naye, nthawi zambiri ndi matenda ena monga a m'chikhodzodzo, chibayo, kuchepa madzi m'thupi kapena mankhwala omwe akumwa, ndipo akachizidwa amabwerera. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kukhumudwa kwa nthawi yaitali, HIV yosamwera mankhwala, zonsezi zimatha kuoneka ngati kuiwala kwa ukalamba koma chithandizo chilipo. Dementia yeniyeni imabwera mwakachetechete, miyezi ndi zaka.

Tatsekera ndi zomwe zimatsala. Clive Wearing, katswiri wa nyimbo wa ku Britain, mu 1985 kachilombo kanamuononga hippocampus moti ankaiwala chinthu pakangopita timasekondi, koma ukamukhazika pa piyano ankaimba bwinobwino ndipo iye ankamuzindikirabe mkazi wake. Nyimbo zakale, makamaka za kutchalitchi, zimakhalitsa. Ntchito za manja nazonso, nde mupatseni gogo nyemba asankhe, matawulo apinde, olo mudzapindenso nokha iye atagona.

7 Sepitembala

Tinatumiza magawo atatu oyamba kwa anthu ochepa kuti amvere kaye. Zomwe zabwera: mawu ali bwino, nkhani ya phini aliyense akuikumbuka, ya nkhono ena anadumpha. Mayi ena a ku Cosmo City akuti anamvetsera ndi madamu awo, iwo akumasulira, ndipo madamuwo apempha ngati ilipo ya Chingerezi, tawauza kuti za Chingerezi zadzadza kale pa intaneti. Ena apempha ya Chitumbuka ndi ya Chiyao, zimenezo nzomveka, makamaka Chiyao poti abale a ku Mangochi ndi ambiri ku Mayfair ndi Fordsburg, koma zidikire kaye titulutse izi, ndipo pakufunika munthu woti amasulire yekha ndi pakamwa pake osati ife kumulembera.

Dandaulo lalikulu ndi bandulo. Kumudzi akuti mafayilo akulemera, nde mnyamata wa laputopu akuwachepetsa, mawu okhaokha safuna fayilo yaikulu. Gawo la ufiti tiligawa pawiri kuti lachikwama likhale palokha, lomwe wantchito akhoza kumvetsera popanda zinazo.

Latsala gawo la mowa. Ndalemba theka, zoti munthu akaledzera kwambiri hippocampus imasiya kulemba nde m'mawa palibe choti akumbuke chifukwa sichinasungidwe nkomwe, komanso za matenda a Korsakoff omwe amabwera ndi kusowa vitamini B1 mwa anthu omwa kwambiri osadya mokwanira, omwe amadzaza mipata ndi nkhani zopeka osadziwa kuti akupeka. Achemwali akufuna aliwerenge kaye Lachitatu akaweruka. Akalivomereza tijambula Loweruka masana, ngati Corolla ilibe ulendo wa ku bwalo la ndege la OR Tambo.